Mwana wanga ndi katswiri pa foni koma buku limamukanika

Funso

"Ndili ndi mnyamata wa zaka 14. Foni amaidziwa kuposa aliyense pakhomo pano, moti yanga ikavuta amandikonzera ndi iyeyo. Koma mukamupatsa buku, asanamalize masamba atatu wayamba kale kuyasamula. Mauthenga ake amalemba modula mawu, ena sindiwamva n'komwe. Aphunzitsi ake andiuza kuti pa mayeso owerenga nkhani n'kuyankha mafunso sakukhoza, komanso akukayikira kuti chimangirizo china sanalembe yekha, anachitenga pa ChatGPT, pulogalamu ija yolembera munthu nkhani akaifunsa. Bambo ake akuti tingomulanda foniyo zithe. Nayenso mlongo wake wa zaka 6 wayamba kulirira foni yanga. Kodi intanetiyi ikutiwonongera ana? Nditani?"

Mayi wa ana awiri

Yankho

Zikomo Mayi polemba. Mtima ukhale m'malo kaye. Pa zaka zomwe ndakhala ndikuphunzitsa kuwerenga ndi kulemba, komanso kusula aphunzitsi a phunziroli, dandaulo ngati lanuli ndalimva kwa makolo osawerengeka, ndipo ana ambiri omwe makolo awo ankati atheratu anabwerera n'kumawerenga bwinobwino. Mnyamata wa zaka 14 akadali pa msinkhu woti luso limabwera msanga akamaliyeserera. Komabe sindikunyengererani kuti palibe vuto. Lilipo ndithu, kungoti silili pamene bambo ake akulozapo, ndipo kulanda foni pakokha sikungalichotse.

Mwina mudabwa ndikakuuzani kuti mwana wanuyo amawerenga tsiku lonse. Amawerenga mauthenga a anzake, ndemanga za anthu, mawu oyenda m'munsi mwa kanema, malangizo a magemu. Mutasonkhanitsa mawu onse odutsa m'maso mwake kuyambira m'mawa mpaka usiku, atha kudzaza masamba ambiri. Chasintha ndi mtundu wa zowerengazo. Zonse n'zazifupi, zodukaduka, ndipo palibe chimene chimafuna kuti asunge ganizo limodzi m'mutu kwa mphindi 10.

Intaneti yeniyeniyonso yasintha tikuona. Wachinyamata wa m'ma 2005 kapena 2010 sakanatha kuigwiritsa ntchito popanda kuwerenga ndi kulemba. Ankalemba funso pa Google, kuwerenga masamba otulukawo, kulemba imelo, kulemba pa Facebook. Mu 2013 WhatsApp inabweretsa mauthenga a mawu, ndiye wosafuna kulemba amangolankhula. Cha mu 2018 TikTok, ya timakanema tatifupi, inafalikira dziko lonse, Instagram n'kuyankha ndi Reels mu 2020, YouTube nayo ndi Shorts. Mu 2022 mkulu wina wa Google, Prabhakar Raghavan, ananena pagulu kuti kafukufuku wa kampaniyo wasonyeza kuti achinyamata pafupifupi 40 pa 100 alionse ku United States, akafuna malo odyera, safufuzanso pa Google koma amapita pa TikTok kapena Instagram. Ndiye kuti ngakhale kufufuza kwasanduka kuonera. Lero mwana atha kukhala pa intaneti masana onse osakumana ndi ndime imodzi yathunthu. Bungwe la ITU, nthambi ya United Nations yoona za mafoni ndi intaneti, linawerengera kuti mu 2023 achinyamata 79 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 24 padziko lonse ankagwiritsa ntchito intaneti, pomwe mwa anthu ena onse anali 65 pa 100. Ndi m'badwo wonse umene waipeza intaneti ili kale ya makanema.

Pali mfundo ina m'kalata yanu yomwe ndikufuna tiikhalire pansi, yoti foni amaidziwa kuposa aliyense. Makolofe timanyadira zimenezi, ndipo zimatipusitsa. Mu 2001 Marc Prensky wa ku United States anafalitsa ganizo loti ana obadwa m'nthawi ya makompyuta ndiwo eni dziko la makinawa, akuluakulufe ndife obwera. Ganizolo linakoma m'makutu, koma ofufuza atawayesa anawo anapeza zina. Pa kafukufuku wa ICILS wa mu 2018, yemwe anayesa ana a zaka pafupifupi 14 m'mayiko osiyanasiyana pa luso lofufuza, kusanthula ndi kukonza nkhani pa kompyuta, ana 2 okha pa 100 alionse ndiwo anafika pa mlingo wapamwamba. Ine ndimaziona m'kalasi. Wophunzira amene amadula ndi kulumikiza makanema n'kuikamo nyimbo m'kanthawi kochepa, yemweyo amasowa pogwira mukamuuza kuti alembe imelo yaulemu n'kuikapo fayilo, kapena apeze chikalata chomwe anasunga dzulo. Mapulogalamu a pa foni anawapanga dala kuti ngakhale mwana wa zaka 3 awathe. Liwiro la zala za mwana wanu likuchitira umboni luso la amene anapanga mapulogalamuwo. Silikutiuza ngati iye akumvetsa zomwe akuonazo.

Musanachite china chilichonse, dziwani kaye pomwe pali vuto, chifukwa ana atha kuyasamula pa buku limodzimodzi pa zifukwa zosiyana. Sankhani nkhani ya tsamba limodzi, ya msinkhu wake, pa mutu woti amaukonda. Tsiku lomwe simunakangane, mupempheni akuwerengereni mokweza, inu muzimvetsera. Ngati akukakamira pa mawu, kulumpha mizere, kungolota mawu ataona chilembo choyamba chokha, kapena kudutsa pa mpumiro osapuma ngati sakumva zomwe akunena, vuto lake n'lakale, linayamba foni isanabwere. Ana otere ndi ambiri kuposa momwe timaganizira. Banki ya World Bank pamodzi ndi mabungwe anzake inayerekeza mu 2022 kuti m'mayiko osauka ndi opeza pakatikati, ana 70 pa 100 alionse a zaka 10 satha kuwerenga nkhani yosavuta n'kuimvetsa. Mliri wa Covid-19 usanatseketse sukulu anali 57. Kwa mwana wotere foni ndi pobisalira. Uthenga wa mawu umamupulumutsa ku kulemba, foni imamukonzera masipelo, kanema amamufotokozera zomwe buku lamukanika. Mukamulanda foni ameneyu mwangomuchotsera pobisala, kuwerenga sanaphunzirebe.

Ngati wawerenga mosadodoma, tembenuzani pepalalo mumufunse akuuzeni m'mawu akeake zomwe wamva, ndiponso chifukwa chake munthu wa m'nkhaniyo anachita zomwe anachitazo. Akangotchula tizinthu tapatalipatali osatha kutilumikiza, ndiye kuti mawu amawatchula koma tanthauzo limamupulumuka. Akafotokoza bwino tsamba limodzilo koma n'kulephera kupirira mpaka tsamba la 10, ndiye kuti chamuthera ndi mphamvu yokhalitsa pa nkhani. Malinga ndi momwe mwafotokozera, ndikuganiza kuti mnyamata wanu ali pa ziwiri zomalizazi, ndipo apa m'pamene intaneti imalowerera kwambiri.

Maso amaphunzira chizolowezi. Kale mu 2006 Jakob Nielsen ndi anzake anatsata ndi makina maso a anthu owerenga masamba a pa intaneti. Anapeza kuti ambiri amawerenga mzere wa pamwamba, kenako kachigawo ka mzere wina, basi maso n'kumangotsika cha kumanzere kusakasaka mawu ofunika, njira yooneka ngati chilembo F. Kuwerenga kotereku kuli ndi malo ake. Pofuna nambala kapena tsiku la mayeso, n'koyenera. Zimavuta mwana akamawerenga chilichonse motero, ngakhale funso la mayeso. Nkhani yolembedwa bwino imayendera timawu ting'onoting'ono monga "ngakhale", "komabe", "pokhapokha" ndi "chifukwa", ndipo timeneti ndi tomwe maso othamanga amalumpha. Wolemba akati "mankhwalawa amathandiza pokhapokha wodwala atayamba kumwa msanga", wothamanga uja amatola "mankhwalawa amathandiza" n'kumapita. Ndikamachonga mayeso, mayankho olakwa ambiri amakhala a mwana amene wayankha theka la funso chifukwa theka linalo sanalione, pomwe nkhaniyo amaidziwa.

Mu 2018 Pablo Delgado ndi ofufuza anzake a ku Spain ndi ku Israel anasonkhanitsa zotsatira za makafukufuku 54 oyerekeza kuwerenga papepala ndi pa sikirini. Anapeza kuti pa nkhani zophunzitsa, monga za sayansi, anthu amamvetsa bwinoko papepala, makamaka nthawi ikakhala yochepa. Kusiyanako sikwakukulu, ndipo pa nthano sikunaoneke kwenikweni. Chomwe chinandigwira mtima ine n'chakuti m'makafukufuku a zaka za kumapeto kusiyanako kunali kukukula. Tinkayembekeza kuti anthu akazolowera sikirini mpatawo utsekeka, koma zikuoneka kuti chomwe tazolowera ndi kuthamanga kuja.

Onjezani apo foni yongolira. Kuti munthu amvetse ndime yachisanu ayenera kukhala atasunga m'mutu zomwe zinali m'ndime yoyamba. Uthenga ukalowa zosungazo zimamwazika, pobwerera n'kuyambiranso. Akatero kangapo amatopa n'kunena kuti bukulo n'losasangalatsa, pomwe chamutopetsa ndi kuyambirayambirako.

Palinso nkhani ya mawu. Chinenero cha m'mabuku chili ndi mawu ndi ziganizo zomwe sizimveka pocheza kapena m'timakanema. Mwana wowerenga mabuku amatola mawu atsopano osadziwa n'komwe, ndipo mawuwo amamupeputsira buku lotsatira. Wosawerenga amatsalira, buku lotsatira limamulemera, ndiye amalithawa kwambiri, mpata pakati pa awiriwa n'kumakula chaka ndi chaka. N'chifukwa chake ziwerengero za kuwerenga kongosangalala zimandidetsa nkhawa kuposa za mayeso. Ku United Kingdom bungwe la National Literacy Trust linapeza mu 2024 kuti ana pafupifupi 35 okha pa 100 alionse a zaka 8 mpaka 18 ndiwo anati amakonda kuwerenga pa nthawi yawo yopuma, ndipo chiwerengerochi chinali chisanatsikepo chotere chiyambire kufunsa funsoli mu 2005. Mayeso a PISA a mu 2022, omwe amayesa ana a zaka 15, anasonyezanso kuti m'mayiko a OECD, bungwe la mayiko omwe ambiri ndi olemera, kuwerenga kwatsika ndi mapointi 10 poyerekeza ndi 2018. Kutseka sukulu nthawi ya mliri kunathandizira, koma m'mayiko ambiri kutsikako kunali kutayamba kale.

Za kudula mawu m'mauthenga zisakudetseni nkhawa kwambiri. Clare Wood ndi Beverly Plester a pa yunivesite ya Coventry anafufuza ana olemba mauthenga achidule, ndipo sanapeze kuti kumawawonongera masipelo. Ana odula mawu kwambiri ankakhala omwe amamva bwino kamvekedwe ka mawu, poti sungadule mawu usakudziwa momwe amamvekera. Chofunika n'choti adziwe kusintha malinga ndi amene akumulembera. Muuzeni alembere aphunzitsi ake kapena agogo ake uthenga wathunthu. Akatha, nkhani yatha. Akalephera kusiyanitsa uthenga wa kwa mnzake ndi kalata yopempha malo, pamenepo ndiye muphunzitseni.

Chomwe simunachitchule m'kalata, koma ine ndimachiopa kuposa zonse, ndi kusiyanitsa zoona ndi zabodza. Kale buku lisanafike kwa mwana linkadutsa m'manja mwa mkonzi, wosindikiza ndi mphunzitsi. Lero mawu a dokotala ndi a munthu wongofuna kugulitsa mankhwala amafika pa sikirini imodzi, akuoneka mofanana. Mu 2016 gulu la Sam Wineburg pa yunivesite ya Stanford linasanthula mayankho oposa 7,800 a ophunzira a ku United States. Mwa ana a msinkhu woyandikana ndi wa mwana wanu, oposa 80 pa 100 alionse anatenga chotsatsa malonda, cholembedwa poyera kuti n'cholipiridwa, ngati nkhani yeniyeni. Gulu lomwelo linachitanso kafukufuku wina yemwe ndimakonda kufotokozera aphunzitsi. Linaonetsa masamba a pa intaneti kwa akatswiri a mbiri yakale, kwa ophunzira a pa Stanford, ndi kwa anthu omwe ntchito yawo ndi kutsimikiza nkhani m'nyumba zofalitsa nkhani. Ambiri mwa akatswiri a mbiri ndi ophunzira aja ankakhazikika pa tsambalo, kuliwerenga kuchokera pamwamba mpaka pansi, n'kumakopeka ndi maonekedwe ake ndi chinenero chake chaukatswiri. Otsimikiza nkhani aja ankangoliyang'ana pang'ono n'kulisiya, kukafufuza kwina kuti mwini tsambali ndani ndipo ena akuti chiyani za iye. Amenewa ndiwo ankapeza choona, mwachangunso. Paja amati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Luso limeneli n'lophunzitsika, ndipo mutha kuliyamba madzulo ano. Akakuonetsani kanema wonena zodabwitsa musamutsutse. Mufunseni kuti waika ndani, iyeyo akudziwa bwanji, ndipo akupindula chiyani anthu akakhulupirira. Kenako fufuzani limodzi dzina la munthuyo kwina. Mumufotokozerenso momwe zomwe amaonazo zimasankhidwira, chifukwa ana ambiri amayesa kuti zili pa foni yawozo ndi zomwe dziko lonse likuona. Pulogalamu imayeza masekondi omwe waima pa kanema aliyense, zomwe wabwereza ndi zomwe walumpha, n'kumubweretsera zofanana ndi zomwe zinamugwira. Cholinga n'choti asachokepo, poti nthawi yakeyo ndiyo imagulitsidwa kwa otsatsa malonda. Anyamata a msinkhu umenewu amadana ndi kupusitsidwa. Ndaona ambiri akusintha atazindikira kuti pali wina akuwadyera masuku pamutu, kuposa momwe akanasinthira ndi ulaliki wa makolo.

Tsopano za chimangirizo chija. ChatGPT inatuluka mu Novembala 2022, ndipo kuyambira pamenepo aphunzitsi kulikonse ali pa mpanipani womwewu. Musathamangire kumuweruza. Mapulogalamu omwe amati amazindikira zolembedwa ndi makina amalakwitsa kawirikawiri, moti kampani ya OpenAI, eni ake a ChatGPT, inachotsa yawo mu 2023 chifukwa inkaphonya kwambiri. Njira yodalirika ndi yakale yomwe ija. Mupatseni chimangirizocho, mumufunse chifukwa chomwe anayambira ndi mfundo iyi osati iyo, komanso tanthauzo la mawu awiri atatu ovuta omwe alimo. Wolemba yekha amayankha ngakhale mopunthwapunthwa. Wokopera amangoliyang'ana pepala ngati akuliona koyamba.

Zikapezeka kuti anakoperadi, chilango chokha sichikwanira, amve chomwe wataya. Mphunzitsi sapereka chimangirizo chifukwa chosowa chowerenga. Amafuna mwana avutike kusanja maganizo ake, ndipo kuvutikako ndiye phunzirolo. Adziwenso kuti makinawa amalemba posankha mawu oyenera kutsatira malinga ndi zolemba zambirimbiri zomwe anaphunzitsidwa nazo, ndiye nthawi zina amapeka mayina, zaka ndi mabuku omwe kulibe, molimba mtima ngati zoona. Wogwira bodza lotere ndi yekhayo amene akudziwa kale kanthu pa mutuwo komanso amawerenga modekha, choncho kubwera kwa makinawa kwangowonjezera kufunika kwa kuwerenga. Ine sindiletsa ophunzira anga kuwagwiritsa ntchito, poti adzakumana nawo kuntchito. Lamulo langa ndi loti ayambe alemba okha, ndi dzanja. Akatero atha kufunsa makinawo kuti awaonetse pomwe mfundo yafooka, kapena kuti awafunse mafunso okonzekera mayeso.

Nanga maganizo a bambo ake? Ndikuwamvetsa, ndipo si iwo okha. Dziko la Australia linakhazikitsa lamulo loletsa ana osakwana zaka 16 kukhala ndi maakaunti pa masamba a mchezo, lomwe linayamba kugwira ntchito mu Disembala 2025. Sweden, yomwe inathamangira kuika matabuleti m'makalasi, inayamba mu 2023 kubwezeretsa mabuku osindikizidwa. Ngakhale malire a zaka 13 omwe masamba ambiri amaika sanachokere kwa akatswiri a kakulidwe ka ana, anachokera ku lamulo la ku United States la mu 1998 loteteza zinsinsi za ana pa intaneti. Choncho kholo kuika malire akeake n'koyenera. Koma kumulanda kotheratu mnyamata wa zaka 14 kawirikawiri kumangomutumiza kukabwereka ya mnzake komwe inu simukuona, ndipo tsiku lomwe adzakumane ndi zoopsa sadzakuuzani, poopa kuti mudzadziwa zoti anaswa lamulo. Komanso buku sililowa lokha m'malo omwe foni yachoka. Ndaona ana olandidwa foni akungokhala duu, buku lili pambali.

Zomwe ndaona zikuthandiza n'zapang'onopang'ono, mwina sizingakusangalatseni kumva. Foni isagone kuchipinda. Itchajidwe pabalaza, yanu ndi ya bambo ake zikhalenso pomwepo. Pa zonse zomwe ndinganene, ichi ndicho chimasintha zinthu msanga, chifukwa mwana wosagona mokwanira sangamvetse nkhani ngakhale aphunzitsi atakhala abwino chotani, ndipo a msinkhu wake amafunika kugona maola 8 mpaka 10. Azimitse timabelu ta mapulogalamu, foni izilira wina akamamuimbira basi. Polemba ntchito ya kusukulu foni ikhale chipinda china, pokhapokha ngati ntchitoyo ikuifuna. Kenako pakhale nthawi yowerenga tsiku lililonse, kuyambira mphindi 10, n'kumakwera mpaka 20 kapena 30 pakapita masabata angapo. Musayambe ndi ola lathunthu, mudzagonja nonse sabata isanathe.

Awerenge chiyani? Chomwe akufuna. Mbiri ya wosewera mpira yemwe amamukonda, nthano zoopsa, mabuku azithunzi, nkhani yaitali yofotokoza momwe gemu yake inapangidwira. Makolo ambiri timafuna kuti buku loyamba likhale lophunzitsa khalidwe, ndiye mwana amaliona ngati chilango. Poyambira pabwino ndi pa timakanema take tomweto. Ngati amaonera za ndege, mupezereni nkhani yaitali ya ndege, poti zomwe akudziwa kale pa mutuwo zimamunyamula akafika pa mawu ovuta. Mabuku apepala akasowa, palibe cholakwika kuwerenga pa foni. Mu 2014 UNESCO inatulutsa zotsatira za kafukufuku wa anthu owerenga pa mafoni m'mayiko 7, kuphatikizapo Kenya, Zimbabwe, India ndi Pakistan, ndipo ambiri anati anayamba kuwerenga kwambiri atapeza mabuku pa foni, ena n'kumawerengeranso ana awo. Angozimitsa intaneti buku likalowa m'foni. Inunso Mayi, azikuonani mukuwerenga. Madzulo muzimufunsa kuti nkhani ija yafika pati, ngati munthu wofuna kudziwa, asamve ngati ndi mayeso ena.

Kunena zoona, amene ndikumuganizira kwambiri ndi mlongo wakeyo. Mnyamatayu anaphunzira kale kuwerenga, tikungomubwezera chizolowezi. Mtsikanayu ndi pomwe akuyala maziko. Bungwe la zaumoyo la WHO linalangiza mu 2019 kuti ana osakwana zaka 2 asamakhale pa sikirini, ndipo a zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku. Wanuyo wadutsa msinkhu umenewo, koma chifukwa chake chikadalipo. Mwana amaphunzira chinenero polankhulana ndi munthu womuyankha, ndipo ola lomwe wakhala yekha pa foni ndi ola lomwe sanalankhule ndi aliyense. Muzimuwerengera mokweza tsiku ndi tsiku, m'chinenero chomwe amalankhula pakhomo, muziima n'kumufunsa kuti akuganiza kuti chichitike n'chiyani. Azigwira pensulo n'kulemba zilembo ndi dzanja, chifukwa dzanja limathandiza maso kuzikumbukira. Akamaonera kanema muzionera naye n'kumacheza za zomwe mukuonazo. Ndipo foni isakhale chomutonthozera, apo ayi adzaphunzira kuti kulira ndiyo njira yoipezera. Achimwene akewo atavomera kumamuwerengera madzulo mwapindula pawiri, poti mnyamata wochita manyazi kuwerenga pamaso pa akuluakulu amamasuka pamaso pa mwana.

Pali zizindikiro zomwe simuyenera kulimbana nazo nokha. Ngati pomuyesa paja mwamva kuti amakakamira pa mawu, amasokoneza zilembo, kapena mwaona kuti amalemba mawu amodzimodzi mosiyanasiyana pa tsamba limodzi, pemphani kusukulu kuti amuyeze mphunzitsi wa ana ofunika thandizo lapadera. Likhoza kukhala vuto la dyslexia, lovutika kuzindikira zilembo ndi mawu powerenga, lomwe silichokera ku kuchepa nzeru kapena ulesi, ndipo ana anzeru amalibisa zaka zambiri. Mukamuyezetsenso maso ndi makutu, makamaka ngati amadandaula mutu akawerenga kapena amayandikitsa buku kumaso. Ngati kusakhazikikako kuli paliponse, osati pa buku pokha, ndipo kunayamba ali wamng'ono asanagwire foni, kaonaneni ndi dokotala. Chimodzimodzi mukaona kuti wasiya anzake ndi masewera omwe ankakonda, akugona masana n'kumachezera usiku, akujomba kusukulu chifukwa cha magemu, kapena amachita ukali woopsa foni ikachotsedwa. WHO imawerengera kukodwa ndi magemu ngati matenda pokhapokha munthu atalephera kudziletsa mpaka moyo wake kusokonekera, kawirikawiri kwa miyezi 12. Kungokonda gemu si matenda ayi.

Zina sizidikira mawa. Mukapeza kuti anzake akumuzunza pa intaneti, kapena munthu wachilendo akumupempha zithunzi za thupi lake n'kumamuopseza kuti azifalitsa, kapena iye akulankhula zodzivulaza, musafufute mauthengawo ndipo musamukalipire. Pitani naye tsiku lomwelo kwa mlangizi, kuchipatala kapena kupolisi, malinga ndi nkhaniyo. Anyamata amakodwa mumsampha wa zithunziwu kuposa momwe makolo amaganizira, ndipo chowatseka pakamwa ndi manyazi.

Aphunzitsi ake akuchitirani zabwino pokuuzani msanga. Mukapita kukaonana nawo, mukapemphe kuona pepala lenileni la mayeso aja, osati malikisi okha. Mukaone ngati analakwa mafunso ongotola yankho m'nkhani kapena ofuna kuganiza, komanso ngati anafika kumapeto kwa pepala nthawi isanathe. Mukagwirizane kuti chimangirizo chimodzi alembere m'kalasi, ndi dzanja, kuti nonse mudziwe pomwe ali. Teremu ikatha mudzamuwerengetsenso tsamba limodzi kunyumba. Ngati pofika nthawi imeneyo akugona bwino ndiponso akuwerenga tsiku lililonse koma palibe chasintha, musadikirenso teremu ina, mupite naye akamuyeze.